Tchuthi cha Kugombe la Kunja: Yambani Mwafunsa Nyengo

Lero tikambirana za tchuthi, makamaka tchuthi chija munthu amati chaka chino ndikaoneko nyanja yamchere, ndikapondeko mchenga wa dziko lina.

Ndikumva kale wina akuti, a wailesi inu, ndalama zakunja zikusowa chonchi, mafuta a galimoto ndi awa, mukutiuza za tchuthi cha kunja? Funso labwino. Koma taonani amene akupita. Ndi aphunzitsi amene asonkha chaka chathunthu mu banki mkhonde. Ndi akwati amene angomanga kumene banja. Ndi amayi a geni amene akapikula katundu ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, amati tiwolokeko masiku awiri tikaone Zanzibar. Ndi achinyamata a kwaya, ndi abale athu ogwira ntchito ku Gauteng amene pa Khirisimasi amatsikira ku Durban. Anthu amenewa ndalama yawo ndi yathukuta, ndipo ambiri ulendo wotere amayenda kamodzi pa zaka zambiri. Mwini chuma mvula ikamuonongera tchuthi amangogula tikiti ina. Enafe tikalakwitsa mwezi, basi zapita.

Ndiye vuto lagona pati? Timasankha tsiku poyang'ana kalendala ya kuntchito. Disembala maofesi atseka, bonasi yalowa, ana ali pakhomo, ndiye tiyeni. Malo timasankha poona zithunzi pa Facebook: thambo loyera, madzi obiriwira, munthu atagona pansi pa mgwalangwa. Chithunzicho sichinena mwezi umene chinajambulidwa. Pamene mlimi sadzala chifukwa choti lero wapeza mpata, amadzala chifukwa mvula yagwa. Nayenso wopita kunyanja ayambe wafunsa kuti kumene ndikupitako, mwezi umenewu kumakhala bwanji, kenako akapemphe tchuthi.

Tiyambe ndi nyanja imene tayandikana nayo, ya ku Mozambique. Gombe lake ndi lalitali makilomita oposa 2,400, ndipo malo ngati Vilankulo, zilumba za Bazaruto, Tofo ku Inhambane, Ilha de Moçambique ndi Pemba ndi okongola zedi. Munthu ukhoza kukafika pa galimoto, kutulukira pa Mwanza kapena pa Dedza kulowera ku Tete, kapena pa Muloza kulowera ku Mocuba. Koma miyezi yotentha kumeneko, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiyonso miyezi ya mvula, ndiponso ndiyo nyengo ya anamondwe. Akatswiri a zanyengo amaiwerengera kuyambira pa 15 Novembala kufika pa 30 Epulo, ndipo pachimake pake ndi Januwale, Febuluwale ndi Malichi.

Mayina ake sindikuchita kukuphunzitsani, tinawaphunzira ndi misozi. Koma tamverani masiku ake ndi malo amene anamondwewa anatsikira kumtunda, muone ngati si magombe omwe aja timawasirira pa zithunzi. Favio anagunda Vilankulo mu Febuluwale 2007. Dineo anagunda Inhambane mu Febuluwale 2017. Idai analowera ku Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019, ndipo patangotha masabata asanu ndi umodzi Kenneth anasakaza kumpoto kwa Pemba ndi chilumba cha Ibo. Eloise anabwereranso ku Beira mu Januwale 2021. Gombe, inde dzina lake linali lomwelo, anatsikira m'chigawo cha Nampula mu Malichi 2022. Freddy, amene anatisiyira maliro osaiwalika ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anayamba wagunda pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale 2023, n'kubwerera m'nyanja, n'kudzalowanso pa Quelimane pa 11 Malichi. Anakhala moyo masiku 36, ndipo bungwe la zanyengo la dziko lonse lapansi linatsimikiza kuti palibe namondwe wina wolembedwa amene anakhalitsa chotero. Chido naye anafika kumwera kwa Pemba pa 15 Disembala 2024, masiku khumi Khirisimasi isanakwane, anthu atalipira kale zipinda.

Zimenezi sizichitika mwangozi. Namondwe chakudya chake ndi madzi ofunda. Pamwamba pa nyanja pakafunda kupitirira madigiri 26 kapena 27, nthunzi imakwera yambiri, mpweya wozungulira umathamangira pamalo pamene patsala mpata, ndipo kuzungulira kwa dziko kumaupotoza mpaka kusanduka chimphepo chozungulira. Nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar m'miyezi imeneyi imafika madigiri 28 kapena 29. Ndiye madzi ofunda bwino aja, amene wosambira amati koma ndiye kukoma, ndi omwewo amene akulera namondwe. Simungapatule ziwirizi.

Ndisakuopsezeni mopitirira. Si sabata iliyonse ya Januwale imene kumagwa namondwe, ndipo alipo ambiri amene anapita nyengo imeneyi n'kubwerako akusimba zokoma. Anthu a ku South Africa amadzaza Ponta do Ouro ndi Tofo Disembala aliyense, mitengo ya zipinda n'kukwera kawiri. Koma iwo amalowera kumwera kwenikweni, kumene anamondwe safikafika, ndipo msewu wawo ndi waufupi. Ife wochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe timadutsa pakati penipeni pa dzikolo, kumene mitsinje ikuluikulu imathirira m'nyanja: Zambezi, Púnguè, Búzi, Save. Namondwe angakuphonyeni kugombe koma mvula yake n'kukutsekerani njira yobwerera. Mu Januwale 2015 madzi a mtsinje wa Licungo anadula mlatho pa Mocuba, ndipo msewu waukulu wolumikiza kumpoto ndi kumwera kwa dzikolo unaduka kwa masabata. Taganizani muli tsidya linalo ndi ana atatu, ndalama za meticais zatha, Lolemba mukuyenera kukhala pa ntchito.

Ngakhale popanda zoopsa zonsezo, mvula ikagwa kumtunda mitsinje imatsitsira matope m'nyanja, madzi oyera aja kufupi ndi mathiriro amasanduka odera. Udzudzu nawo umaswana. Apa ndilankhule ndi inu a ku London, ku Leeds ndi ku Dublin amene mumabwera ndi ana obadwira konko: thupi la mwana wanu malungo siliwadziwa, ndipo inunso amene mwakhalitsa kunja chitetezo chija munali nacho chinatha. Kaonaneni ndi dokotala musananyamuke, ndipo neti muziinyamula.

Nanga ku Mozambique tipite liti? Ine ndinganene mosazengereza: kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Mvula yaleka, misewu yauma, masana kumafunda bwino cha m'ma 25 mpaka 28, usiku kumagoneka, madzi a m'nyanja sazizira kwenikweni. Kuyambira Julayi mpaka Okutobala anangumi amabwera kuchokera kunyanja yozizira ya kumwera kudzaswana, ndipo ku Tofo mukhoza kuwaona akudumpha muli chiimire pamtunda. Chosangalatsa n'chakuti tchuthi chachikulu cha sukulu kuno kwathu chimagwa mu Ogasiti, pakatikati pa nyengo yabwinoyi. Mwayi tili nawo kale m'manja, koma timaudumpha n'kumadikira Disembala chifukwa ndi mmene tinazolowerera. Chokhacho, Ogasiti ndi Seputembala kumawomba mphepo, ndipo tsiku lina boti lopita ku Bazaruto likhoza kulephereka. Ikani tsiku limodzi lapadera pa ndondomeko yanu.

Za kumpoto kwenikweni, ku Cabo Delgado, kuli nkhani ina yosakhudza nyengo: zigawenga zakhala zikuvutitsa kumeneko kuyambira 2017. Funsani za chitetezo musanaganize n'komwe za mvula.

Ku Mauritius, kwa amene thumba likulola, lamulo lake ndi lomweli, kungoti nyengo ya anamondwe amaiwerengera mpaka pakati pa Meyi. Mu Januwale 2024 namondwe Belal anadzaza madzi mumzinda wa Port Louis, magalimoto akuyandama m'misewu, bwalo la ndege n'kutsekedwa. Kumeneko machenjezo ali m'magawo anayi, ndipo likafika lachitatu aliyense amakhala m'nyumba. M'miyezi yozizira, Juni mpaka Ogasiti, gombe la kum'mawa ngati Belle Mare limawombedwa mphepo kwambiri, pamene la kumpoto ndi kumadzulo, Grand Baie ndi Flic en Flac, limabisala ku mphepoyo. Chilumba chimodzi, sabata imodzi, koma wina abwerako akudandaula mphepo, wina akuyamikira bata.

Tipume pang'ono ndi nyimbo, tikabwerako tiwolokera ku Zanzibar.

(NYIMBO)

Mwabweranso bwino, omvera. Tikukamba za nyengo ndi tchuthi cha kugombe la kunja.

Zanzibar ili ndi mwayi umodzi waukulu. Ili pafupi kwambiri ndi mzere wapakati pa dziko lapansi, madigiri 6 okha kumwera kwake, ndipo Mombasa ili pafupi kuposa pamenepo. Pafupi ndi mzere umenewu mphamvu ija yopotoza mphepo imakhala yofooka, choncho anamondwe safikako kawirikawiri. N'chifukwa chake Hidaya atayandikira chilumba cha Mafia mu Meyi 2024 inali nkhani yodabwitsa. Ndiye ngati tchuthi chanu n'cha Januwale kapena Febuluwale ndipo simungachisinthe, Zanzibar kapena Diani ku Kenya n'kwabwino kuposa Vilankulo. Miyezi iwiri imeneyi kumakhala kouma, kotentha, nyanja yoyera.

Koma kumeneko mvula imagwa kawiri pa chaka. Yaikulu imayamba chakumapeto kwa Malichi, n'kukhuthuka mu Epulo ndi Meyi. Imeneyo si mvula yamawawa, imatha kugwa masiku otsatizana, ndipo mahotela ena amatseka kuti akonzetse nyumba. Mukaona mtengo wa chipinda watsika theka pa Pasaka, musati mwatola. Eni ake akudziwa chimene chikubwera. Mvula yaing'ono imagwa cha mu Novembala mpaka kumayambiriro kwa Disembala, nthawi zambiri yongodutsa, ola limodzi dzuwa n'kuwalanso. Koma zaka za El Niño nayo imasanduka chilombo, monga zinachitikira kumapeto kwa 2023 pamene Mombasa ndi madera ambiri a kugombe la Kenya anasefukira.

Mphepo nazo zili ziwiri, ndipo wa ku Nkhotakota kapena ku Likoma sangazione zachilendo. Kuyambira cha mu Epulo mpaka Seputembala imawomba ya kumwera chakum'mawa, imene eni ake amati kusi. Ndi banja limodzi ndi mwera wathu uja amakaniza asodzi a usipa kulowa panyanja, ndi amene amagwedeza Ilala mu Juni ndi Julayi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi imatembenuka n'kumachokera kumpoto chakum'mawa, kaskazi, ndipo imeneyi ndi yofatsirapo. Mphepo zimenezi ndi zomwe zinkayendetsa zombo za Aluya pakati pa Oman, India ndi Zanzibar kwa zaka mazanamazana: ankabwera ndi ina, n'kudikira inzake kuti iwabweze kwawo. Kwa inu, tanthauzo lake ndi ili: boti lochoka ku Dar es Salaam limatenga pafupifupi maola awiri, ndipo m'miyezi ya kusi, makamaka masana, limadumpha moti wosazolowera amasanza. Kwerani la m'mawa, ndipo musadye mafuta ambiri.

Tsopano pali chinthu china chimene ife ana a nyanja ya Malawi chimatipusitsa, ndipo ndikufuna ndichedwepo. Ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, pamene mwasiya madzi m'mawa ndi pamene mukawapeze madzulo. Nyanja yamchere siitero. Imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, chifukwa cha kukoka kwa mwezi, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene, kudzazako ndi kuphwako kumakula kwambiri. Ku Zanzibar kusiyana kwake kumayandikira mamita anayi. Kugombe la kum'mawa kwa chilumbachi, ku Paje, ku Jambiani, ku Matemwe, pansi pa nyanja ndi potsetsereka pang'onopang'ono, ndiye madzi akaphwa amathawa mtunda wautali, pena kuyandikira kilomita. Mlendo amatuluka m'chipinda atavala zosambira, thaulo paphewa, n'kupeza nyanja kulibe. Kwatsala mchenga wonyowa, miyala yakuthwa, tizilombo taminga, ndi amayi akukolola ndere zimene amalima m'madzimo. N'zokongola kuziona, koma ngati munalipirira kusambira, mudikira maola. Kumpoto kwa chilumba, ku Nungwi ndi ku Kendwa, gombe ndi lotsetsereka msanga, madzi sathawa kutali, munthu amasambira nthawi iliyonse. Kusiyana kwake ndi ulendo wa ola limodzi kapena awiri pa galimoto. Ndiye musanalipire, funsani kuti hotelayo ili mbali iti.

Ndipo kuphwako kuli ndi msampha wake. Munthu amatsata madzi, kumatola zigoba, osazindikira kuti wapita kutali. Madzi akayamba kubwerera amayamba adzaza makwawa a kumbuyo kwake, iye n'kutsala pa kachilumba ka mchenga. Tchati cha nthawi ya madzi chimapachikidwa m'mahotela ambiri. Chiwerengeni, ndipo ana asapite okha.

Titsikire ku South Africa, kumene abale athu ali ambiri. Dziko limodzi, koma Durban ndi Cape Town zili ngati maiko awiri. Durban imasambitsidwa ndi madzi ofunda otsika kuchokera mbali ya Mozambique, amene amatchedwa Agulhas. Mu Disembala ndi Januwale madzi ake amakhala cha m'ma 24 mpaka 26, koma ndi nyengonso ya mvula, ya mabingu a masana ndi chinyontho chomata thupi. Mu Epulo 2022 chigumula chinapha anthu oposa 400 m'chigawo cha KwaZulu-Natal, chinaononga mipope ya zonyansa, ndipo kuchokera pamenepo magombe ena a mzindawu akhala akutsekedwa nthawi ndi nthawi madzi akapezeka ndi tizilombo. Mvula yamphamvu ikagwa, dikirani tsiku kapena awiri, ndipo werengani zikwangwani za khonsolo. Pa 16 ndi pa 26 Disembala ndiponso pa 1 Januwale anthu amachuluka moti mchenga suoneka, ndipo chaka chilichonse ana ambirimbiri amasochera makolo ali pomwepo. Durban wabwino, kwa ine, ndi wa Meyi, Juni ndi Julayi: kouma, masana madigiri 22 kapena 23, madzi akadali osambirika.

Cape Town ndiye mosemphana. Mvula yake imagwa nthawi yozizira, Juni mpaka Ogasiti, pamene Disembala mpaka Febuluwale kumakhala kouma, dzuwa n'kumalowa cha m'ma 8 koloko usiku. Pa zithunzi, Clifton ndi Camps Bay palibe angapikisane nazo. Koma lowetsani phazi m'madzimo! Mbali imeneyo ndi ya Atlantic, kumene kumadutsa madzi ozizira a Benguela, ndipo chodabwitsa n'chakuti nthawi yotentha ndi pamene amazizira kwambiri. Chifukwa chake ndi chimphepo cha kumwera chakum'mawa chimene eni ake amati Cape Doctor. Chimakankhira madzi apamwamba kutali ndi gombe, ndiye apansi ozizira amakwera kudzalowa m'malo mwake. Amatsika mpaka madigiri 12, pena 10. Nyanja yathu ya Malawi pamwamba pake imakhala pakati pa 24 ndi 29 chaka chonse. Munthu wozolowera imeneyo akalowa ku Camps Bay mafupa amachita kuwawa, mphindi ziwiri watuluka. Chimphepocho nachonso chikalusa chimamwaza mchenga m'maso ndi m'chakudya, ndipo ngolo yokwerera phiri la Table Mountain imaimitsidwa. Wofuna kusambira apite mbali ya False Bay, ku Muizenberg kapena ku Fish Hoek, kumene madzi amafundirako. Wofuna kuona malo, kudya bwino ndi kujambulitsa, Cape Town wa Disembala samukhumudwitsa. Kungoti adziwe chimene akukagula.

Pa magombe onsewa chimene chimamiza anthu ambiri si shaki ayi. Ndi madzi obwerera. Mafunde akamaswekera kumtunda, madzi onse aja amafuna njira yobwererera, ndipo amadzipezera kampata pakati pa milu ya mchenga n'kumathamangiramo kulowera kwakuya, liwiro loposa la katswiri wosambira. Choipa chake, pamalo pamenepo ndi pamene pamaoneka pabata, popanda thovu, pakuderako pang'ono. Mlendo amati apa ndiye pabwino, pali phee, ana sambirani apa. Ayi ndithu. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, pamene pali opulumutsa anthu, ngakhale pakhale podzaza. Madziwo akakukokani musalimbane nawo pofuna kubwerera molunjika, mutopa n'kumira. Yandamani chagada, kwezani dzanja, ndipo ngati mphamvu zilipo sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutuluke mumkokomowo. Bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI linaika zoyandamitsa za mtundu wa pinki m'magombe ambiri a ku South Africa. Mukaona wina akumira, muponyereni chimenecho m'malo modziponya nokha chimanjamanja. Ndipo ndinene poyera, abambo anzanga: mowa ndi mafunde siziyendera limodzi.

Za kutentha. Wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa akhoza kuseka, akuti ife madigiri 40 timawadziwa. Zoona. Koma ambiri a ife tikukhala pamtunda: Lilongwe ndi Blantyre zili mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, Mzuzu kuposa apo. Kutentha kwathu kwa Okutobala n'kouma, thukuta limatuluka n'kuuma, thupi n'kuzizirako. Kugombe mpweya umakhala utakhuta kale madzi, thukuta siliuma, limangoyenderera. Madigiri 31 a ku Dar es Salaam mu Febuluwale amalemera kuposa 34 a ku Lilongwe, ndipo usiku sikuzizira. Chipinda chopanda fani kapena makina oziziritsira, chotchipa chija, mudzachitemberera 2 koloko usiku. Agogo, ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi odwala BP kapena shuga ndi amene amayamba kufooka. Madzi akumwa azikhala m'manja nthawi zonse, osadikira ludzu.

Palinso bodza lina limene timanamizana, lakuti khungu lakuda silipsa ndi dzuwa. Limapsa. Limachedwa chabe, ndipo silifiira moonekera, koma pakapita masiku awiri mapewa ndi mphuno zimayamba kusupuka, malaya osavalika. Kugombe dzuwa limakumenya kawiri, lochokera kumwamba ndi lonyezimira pamadzi ndi pamchenga woyera, ndipo kamphepo kayaziyazi kamakunamiza kuti sikukutentha. Ngakhale kuli mitambo, cheza chake chimadutsa. Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana khalani pamthunzi, valani chipewa, dzolani mafuta oteteza ku dzuwa a nambala 30 kapena kuposa, ndipo mukatuluka m'madzi dzolaninso. Abale athu achialubino asamale koposa: malaya a manja aatali, chipewa chachikulu, magalasi, ndi kusambira m'mawa kapena madzulo okha.

Mwachidule tione kumpoto kwa dziko lapansi, kumene nyengo yotentha ndi Juni mpaka Ogasiti. Mukaona zotsatsa za Dubai zotchipa mu Julayi, dziwani kuti masana kumapitirira madigiri 40, madzi a m'nyanja amaposa 32, osatsitsimula n'komwe. Boma la kumeneko limaletsa ntchito za panja kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana, kuyambira pa 15 Juni mpaka pa 15 Seputembala. Ngati womanga nyumba akuletsedwa kukhala padzuwa, inu mukagona bwanji pamchenga? Gombe la Dubai ndi la Novembala mpaka Malichi. Inu a ku Ulaya amene mumathawira ku Spain, ku Greece ndi ku Turkey ana akatsekera, Julayi ndi Ogasiti sakuseweranso masiku ano. Ku Sicily kunafika madigiri 48.8 mu Ogasiti 2021, ndipo mu Julayi 2023 moto wolusa unasamutsa anthu pafupifupi 20,000 pa chilumba cha Rhodes, ambiri a iwo alendo, ena akuthawa wapansi atasiya zikwama. Ngati ana sakukumangani, Juni kapena Seputembala ndi bwino; mu Seputembala nyanja ya Mediterranean imakhala itafunda kale, anthu achepa, mitengo yatsika.

Wina afunsa, nanga si pafoni pali zolosera zanyengo? Zilipo, koma zimathandiza pa masiku asanu, mwina asanu ndi awiri. Tikiti mumagula kukadali miyezi itatu, ndipo palibe foni imene ingakuuzeni za Lachiwiri la miyezi itatu ikubwerayo. Pogula tikiti, funsani mmene mwezi umenewo umakhalira zaka zonse: mvula imagwa masiku angati, mphepo imachokera kuti, madzi amafunda bwanji. Zolosera za pafoni zidikire sabata yonyamukira. Pamenepo mverani nthambi yathu yoona zanyengo, INAM ya ku Mozambique, ndiponso nthambi ya Météo-France pa chilumba cha La Réunion, imene ndi yomwe imalondola anamondwe onse a mbali ino ya nyanja ya India. Namondwe sabwera mobisala, amaoneka kukadali masiku angapo. Chimene chimapweteketsa anthu n'kukakamira: ndalipira kale, ndipita basi.

N'chifukwa chake polipira funsani mafunso amene ambiri amachita nawo manyazi. Kukagwa namondwe, kapena boti likalephera kuyenda, ndalama yanga mubweza kapena musintha tsiku? Yankholo likhale lolembedwa, ngakhale pa WhatsApp. Tikiti ya ndege yosinthika imakwererapo mtengo, koma m'miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndalama yoonjezerayo si yotaya. Inshuwalansi ya ulendo muigule tsiku lomwe mwagula tikiti, chifukwa makampani ambiri salipira ngati mwaigula namondwe atapatsidwa kale dzina. Ndipo musakonze zobwera Lamlungu usiku pamene Lolemba m'mawa muli ndi ntchito.

Ndiye omvera, ngati mtima uli pa Mozambique, kapempheni tchuthi cha pakati pa Meyi ndi Okutobala, ndipo a ana a sukulu tengani Ogasiti. Ngati abwana akuti tchuthi ndi Disembala basi, lunjikani ku Cape Town mukudziwa kuti madzi ndi ozizira, kapena dikirani chakumapeto kwa mweziwo mupite kumpoto kwa Zanzibar. Koma Beira, Quelimane ndi Vilankulo mu Febuluwale ndi Malichi, ndi ana m'galimoto, chonde musayerekeze.